Tsiku Limene Anandiletsa Kugayitsa pa Mlare

"Thumba limenelo likalowa m'chigayo muno, Che Saidi, inenso mundigayire limodzi!"

Amene anakuwa mawu amenewa ndi alamu anga a Esinati, akulu awo a agogo anu aakazi, ataima pakhomo pa chigayo cha pa Mlare, manja ali m'chiuno, chitenje atachimanga ngati akupita kukazula mbande. Thumba ankanenalo linali langa, lidakali pa keliyala ya njinga. Amayi onse amene anali pamzere anatembenuka kundiyang'ana, ena n'kuyamba kuvindikira ndowa zawo.

Inu ana, Wongani ndi Atupele, mwakhala mukundifunsa pafoni chifukwa chimene anthu kuno amanditchulira kuti Chausipa, ndipo ndimawamva bambo anu akuseka chapambali. Ndaona kuti ndilembe ndekha, chifukwa agogo anu aakazi akamafotokoza nkhaniyi amathira mchere wambiri. Ndalemba m'Chichewa poti ku Lilongwe kwanuko Chinkhonde munachisiya pa depoti. Mawu amene munatsala nawo ndi "ndaga" basi, kuthokoza, opanda ngakhale "fijo" wake wotanthauza kwambiri, nawonso mumawatchula ngati mwadziluma lilime.

Ndiyambe ndi ng'ombe, chifukwa popanda ng'ombe simungamve chimene ndinkaopa tsikulo.

Ine ndinali kalaliki pa kampani ina yogula mpunga cha ku Wovwe. Ntchitoyo inatha tsiku limene ndinauza bwana wanga kuti mutu wake ndi wosungirapo chipewa chabe. Zinali zoona, koma zoona sizilipira malipiro. Nditabwerera pakhomo ndinachita chinthu chimene mwamuna wa kuno sachita: ndinagulitsa ng'ombe yaikazi, imodzi mwa zimene zinabwera pa malowolo a azakhali anu, ndi kugula anapiye a mikolongwe, nkhuku zakuda zoikira mazira zija, pamodzi ndi malata a khola. Inu a m'tauni mungaone ngati ndi bizinesi chabe. Kuno munthu amamuwerengera ndi ng'ombe. Akulu anga, agogo anu a Mwakalinga aakulu, anabwera dala kudzaima pakhola, n'kundifunsa mwaulemu kwambiri kuti: "Kodi mdzukulu wako akadzafuna mkazi, udzalowola ndi mazira angati?" Kuyambira tsiku limenelo ndinadziwa kuti nkhukuzo zikalephera, dzina langa lidzakhala la munthu amene anasinthanitsa ng'ombe ndi nthenga, mpaka pamaliro anga adzazinena.

Kale, ine ndili ngati inuyo, nkhuku sinkapatsidwa chakudya. Inkadzifunira yokha. Chiswe, ziwala, misere yogwa pa lichero amayi akamapeta, ndi nyenyeswa zimene galu waiwala. Inkagona mumtengo wa mango, ikaikira mazira ochepa n'kupuma miyezi ngati munthu wa boma ali pa tchuthi. Mazirawo ife ana sitinkawalawa. Anali a alendo ndi oswetsa anapiye, ndipo atsikana ankawauza kuti akadya dzira sadzabereka. Iwe Atupele, amene umadya loyera lokha n'kusiya lachikasu m'mbale, ukanakhala nthawi imeneyo bwenzi ukunyambita chigoba.

Koma mikolongwe ya m'khola si nkhuku ya mumtengo wa mango. Imafuna kudya ngati mlendo. Poyamba ndinkagula chakudya cha m'sitolo, chimene amati leyazi, mpaka mtengo wake unayamba kukwera sabata iliyonse ngati wapeza makwerero. Ndinati ine ndinafika Fomu 4, sayansi ya zaulimi ndinakhoza bwino, sindingamalipire munthu wa ku Lilongwe kuti andisakanizire chimanga chimene ndimalima ndekha.

Mvetserani, mwina tsiku lina magetsi adzakutherani kumeneko mudzabwera kudzaweta. Chimanga ndicho chimachuluka, pafupifupi theka la zonse. Kenako gaga, ndi madeya a mpunga ochokera ku Wovwe, osalala aja, osati mankhusu okhakhala amene amangodzaza mimba. Soya umayamba wamukazinga pa chiwaya mpaka anunkhire ngati mtedza. Ukampereka wamuwisi, nkhuku zimatsekula m'mimba ndipo khola sulowamo. Mpendadzuwa pang'ono. Zigoba za nkhono zootcha, kuti dzira likhale ndi chigoba cholimba. Mchere wongotsina ndi zala. Pomaliza usipa, umene ndiwo ndiwo yake. Ndiye zonsezi uzigaye pamodzi. Apa ndi pamene pali nkhani yonse. Nkhuku ili ngati inu nomwe: mukapatsidwa nyama ndi masamba mumatola nyama. Ukaipatsa zosagaya imatola chimanga chokha, soya ndi zigoba n'kuzipalasira pansi. Uyenera kuinamiza, zonse zikhale ufa umodzi.

Usipa wabwino ndi wa anthu, ndipo ndi wodula. Koma nthawi ya mvula ku Ngara kumakhala usipa wina umene walephera kuuma pa thandala, dzuwa litabisala masiku angapo. Umamatana, umada, umatuluka mafuta. Asodzi amautcha wa nkhumba ndipo amangofuna munthu wowachotsera. Ndinapita kukautenga. Kondakitala wa minibasi ananunkhiza thumba kamodzi kokha nati, "Mdala, kapena mukwere inu kapena likwere thumba, koma likakwera thumba ife titsika." Ndinabwereka njinga ya msodzi wina ndi kupalasa. Agalu a ku Ngara anandiperekeza mpaka malire a mudzi wawo, n'kundisiya m'manja mwa agalu a mudzi wotsatira. Ntchentche zokha ndi zimene zinafika nane kunyumba.

Tsono pa chigayo pali mwambo wake, wosalembedwa paliponse. Che Saidi, mwini chigayocho, ndi Myao wa ku Mangochi, munthu wofatsa mpaka kukwiyitsa. Mwambo wake ndi wakuti wogayitsa za ziweto amakhala womaliza, anthu onse a ufa akatha. Akatero amathiramo ndowa ya gaga wake kuti atsuke chigayo, chifukwa chigayo chimasunga za munthu woyamba n'kupatsa wachiwiri. Ine mwambowu ndinkaudziwa. Koma nthawi imeneyo magetsi ankabwera ngati mlendo wothawa ngongole, kungosuzumira n'kubwerera. Ukakhala womaliza, ndiye kuti sugayitsa. Ndinalawira m'mawa, thumba langa linali loyamba pamzere. Loyamba. Zimenezi muzikumbukire, chifukwa agogo anu aakazi amazidumpha.

Amanenanso kuti ndinabisa usipa pansi pa chimanga. Sindinabise. Ndinangoyamba kuthira usipa m'thumba, kenako zinazo, chimanga pamwamba. Munthu aliyense amayamba ndi chinachake. Che Saidi atandifunsa kuti muli chiyani, ndinati chimanga, ndipo chimanga chinalimodi.

Magetsi atabwera, thumba langa linalowa. Litafika pakati, Che Saidi anakweza mphuno, nandiyang'ana. Ine ndinamanga ufa wanga pa njinga msangamsanga. Za gaga wotsukira ndinaona kuti ndidzabweretsa tsiku lina. Amene anali wachiwiri pamzere sindinamuone, poti ndowa zinali zokha, eni ake atapita kumsika. Zinali ndowa za alamu anga a Esinati: mphale ndi chimera cha chindongwa, thobwa lathu lija, cha pa ukwati wa mwana wawo woyamba.

Ukwatiwo ndinapitako, nditavala suti, ndipo anandikhazika kutsogolo monga bambo wamng'ono. Chindongwa chitabwera, abusa ndi amene anayamba kumwa. Anameza, natseka maso ngati akupemphera, ndipo anakhala choncho nthawi yaitali. Nkhoswe ya kuchikazi, munthu wa ku Chitipa, inafunsa mwaulemu ngati kuno kunyanja timathira nsomba m'thobwa. Amphaka atatu anazungulira mbiya osachoka. Ine ndinamwa kapu yanga yonse ndi kupempha ina, kuti ndionetse kuti palibe vuto. Pamenepo ndi pamene agogo anu aakazi anandiyang'ana, nayang'ana kapu, nandiyang'ananso. Mkazi amene wakhala nawe zaka makumi atatu safuna umboni.

Ndinapewa pa Mlare mpaka chakudya chija chitatha. Nkhuku zinali zitangoyamba kuikira, mazira aakulu okongola, ndipo akulu anga anali atasiya kudutsa pakhomo. Chitatha, ndinayesa kuzipatsa zosagaya. Zinachita zomwe ndakuuzani zija. Pasanapite nthawi mazira anayamba kutuluka ofewa ngati chibaluni, ena kusweka nkhuku isanadzuke. Nkhuku zinalawa mazira awo omwe, zinawakonda, zinayambanso kujompholana kumbuyo mpaka magazi. Imodzi ndinaipeza yafa. Madzulo ake akulu anga anatulukira, naima pakhola, manja kumbuyo. Anangoti, "Pole," ndiko kuti pepa, n'kumapita akuimba kamluzu.

Ndi chifukwa chake ndinamanganso thumba, ndi chifukwa chake ndinakumana ndi alamu anga pakhomo pa chigayo.

"Alamu," ndinatero ine, "chigayo chino munagula liti?"

"Tsiku lomwe munatimwetsa msuzi wa usipa pa ukwati wa mwana wanga. Mpaka lero akuchikazi akatiyitana amatifunsa ngati tibwere ndi thobwa lathu kapena atipatse lawo."

"Anthu anamwa. Palibe anafa."

"Abusa anagona masiku awiri."

"Abusa amadwala shuga, aliyense akudziwa."

Mayi wina pamzere anati, "Inu a Chausipa, pitani mukagayitse ku nyanja." Amayi onse anaseka, ndipo dzinalo linandimatirira pomwepo ngati usipa wa nkhumba womwewo.

Che Saidi anatuluka akupukuta ufa m'ndevu. Anandikokera pambali. "Achimwene," anatero, "ine ndinatsuka chigayo ndi gaga wanga masiku atatu. Amayi awa anagwirizana kuti chigayo chilichonse chimene chilandire thumba lanu, kuyambira pano mpaka ku Wovwe, iwo sapondako. Ine ndimadya kwa amayiwa. Koma nkhaniyi ndi yaing'ono. Gwirani nkhuku imodzi, mubwere nayo, mupepese alamu anu pamaso pa anzawo. Mawa lomwe ndikugayirani, pomaliza, ndi ndowa yanu ya gaga."

"Ndipepese chiyani? Ndinali woyamba pamzere."

"Munali woyamba, inde."

"Ndiye?"

"Ndiye mupepese."

Mukuona chifukwa chake ndimati kufatsa kwake kumakwiyitsa. Ndinamuuza kuti chigayo chake chimagaya ngati nkhalamba yopanda mano, ndinauza alamu anga kuti chindongwa chawo chinali chosakoma kale usipa usanachithandize, ndinatembenuza njinga. Ndipo dziwani kuti mpaka lero sindinapepese. Kungoti Khirisimasi iliyonse nkhuku imodzi imasochera n'kukapezeka pakhomo pa alamu anga miyendo ili yomanga. Nkhuku zimasochera, si nkhani yanga.

Kunyumba ndinapeza nkhani itafika kale. Nkhani kuno imathamanga kuposa njinga, ngakhale mafoni asanabwere inali choncho. Agogo anu aakazi anali pakhonde akusenda chinangwa cha kondowole.

"Amayi a Lusekelo," ndinawaitana ndi dzina la mwana wathu, mofatsa ndithu, "mtondo uja ulipo?"

"Ulipo."

"Thumba ili likufunika kusinja."

"Musi uli kuseri kwa chitseko."

"Ndikunena kuti musinje inuyo."

Sanakweze n'komwe mutu. "Bambo a Lusekelo, ine ndinabadwa mimba imodzi ndi a Esinati. Ndi nkhuku zanuzo sindinabadwe nazo. Mukapepesa, ndisinja mpaka manja atupe. Mukapanda kupepesa, Fomu 4 yanu ikusinjireni."

Pakhomo panatsala munthu mmodzi yekha wodziwa mtondo: amayi anu. Nthawi imeneyo anali mkamwana watsopano, mkazi wa mwana wanga, ndipo iwe Wongani unali khanda lakumsana. Bambo anu anali ku Kyela, kutsidya kwa malire, kukapikula nsalu. Tsono inu mumawaona amayi anu lero akundilankhula pafoni, "Adadi mwadzuka bwanji, mwamwa mankhwala?" ndiye mumaganiza kuti zinali choncho kuyambira kale. Ayi. Mwambo wathu wa Chinkhonde umati mkamwana ndi apongozi ake aamuna saonana nkhope, salankhulana, sadyera pamodzi, ngakhale dzina langa sankalitchula. Tikakumana panjira ankapatukira kutchire n'kudziphimba ndi chitenje. Pakati pa nyumba yanga ndi yawo panali mpanda wa bango. Ndikafuna kanthu kwa iwo ndinkauza agogo anu aakazi, iwo n'kukanena. Ndiye tsikulo waya wa foni yanga ndi amene anali atanyanyala.

Ndinakaima pakhola, pafupi ndi mpanda uja. Ndinkamva amayi anu akutsuka mbale mbali inayo. Ndinakhosomola, ndi kulankhula ndi nkhuku mokweza.

"Inu nkhuku," ndinatero, "mwaona mmene dziko lilili. Chakudya chanu chilipo, koma chosasinja. Pakhomo pano pali anthu a manja awo, koma kaya."

Mbale zinasiya kulira. Kenako ndinamva amayi anu akulankhula ndi iwe Wongani, mwana wa miyezi inayi amene unkangodziwa kuyamwa ndi kunyowetsa anthu.

"Wongani mwanangu," anatero, "uziuze nkhuku kuti ine ndinabwera pakhomo pano kudzera m'manja mwa amama. Amama akati musi usagwiridwe, ine ndingaunyamule bwanji woyamba?"

"Inu nkhuku, ndiye mufe?"

"Wongani, uziuze nkhuku kuti sindinanene kuti zife. Ndati woyamba sindingakhale ine."

Nkhuku zinkangondiyang'ana ndi diso limodzi, ina ili ndi chikasu cha dzira kukamwa.

Ndinakhala pa chitsa mpaka dzuwa kupendeka, ndikuwerengera njira zanga. Zinali zitatu. Kupepesa pamaso pa amayi a pa Mlare. Kusiya nkhuku zidyane mpaka akulu anga adzaimbe mluzu pa khola lopanda kanthu. Kapena kugwira musi. Muyenera kudziwa kuti mwamuna wa msinkhu wanga, wa mkamwana pakhomo, sagwira musi. Kuyambira ndili mwana sindinaonepo. Ankati mwamuna wosinja ndiye kuti kapena mkazi anamuthawa kapena anamudyetsa mankhwala. Masiku ano bambo anu amachapa matewera n'kujambulitsa pafoni, ndipo anthu amawayamikira. Ife tinakula mwina.

Anthu anzeru akanasankha kupepesa. Ndi mawu awiri okha ndi nkhuku imodzi. Koma ine ndinali woyamba pamzere.

M'mawa mwake ndinagubuduza mtondo kuuchotsa kukhitchini. Ndikanatha kubisala nawo kuseri kwa khola, koma ndinati ngati anthu aseke, asekere pafupi, ndiwaone nkhope. Ndinauika pabwalo, poyang'anana ndi njira yopita ku mjigo, m'mbali mwa mpanda wa bango. Ndinavula malaya, ndinathira soya, ndinakweza musi ndi mphamvu zonse za munthu wokwiya.

Soya yense anadumpha kutuluka mumtondo, wina kundimenya m'maso. Musi unabwerera n'kundigunda pachibwano. Amayi opita kukatunga madzi anaima, natula zidebe, nakhala pansi bwinobwino ngati afika pa kanema. Agogo anu aakazi anatulutsa mpando ndi kapu ya tiyi. Akulu anga, amene nyumba yawo ili kutali ndithu, sindikudziwa anamva bwanji, koma anafika asanasukusule.

Ndinatola soya mmodzimmodzi, ndinabwezera, ndinamenyanso. Anadumphanso. Kachitatu. Thukuta linayamba kulowa m'maso, m'manja matuza. Mayi wina anati, "A Chausipa, muziimba nyimbo, umafewa msanga."

Ndiye kuseri kwa mpanda ndinamva mawu apansipansi.

"Wongani mwanangu, uziuze nkhuku kuti mtondo sadzaza. Azithira pang'ono, asakanize ndi gaga kuti asadumphe. Musinso saumenya ngati wakulakwira, amangousiya ugwe wokha."

Ndinapungula soya. Ndinathira gaga. Ndinakweza musi ndi kuusiya ugwe. Unalira mosiyana, phu, ndipo palibe chinadumpha.

Kenako pansi pa mpanda panatulukira dzanja, linakoka lichero la usipa ndi zigoba za nkhono limene ndinaika pambali, n'kulowa nalo mbali inayo. Posakhalitsa ndinamva mtondo wachiwiri. Ine phu, iwo phu. Ndikafulumira ndi mkwiyo, iwo ankachedwetsa dala mpaka ndibwerere m'mzere. Amayi a pa mjigo anasiya kuseka mmodzimmodzi, poti zoseketsa zinali zitatha, kunangotsala anthu awiri akusinja. Ananyamula zidebe zawo. Akulu anga anayang'ana kumwamba ngati akufuna mvula, nabwerera opanda mluzu. Agogo anu aakazi anamaliza tiyi wawo, nalowa m'nyumba, natuluka ndi sefa, n'kuiponya pafupi ndi mapazi anga.

"Sindikukuthandizani," anatero. "Sefayo yangogwa."

Dzuwa lisanafike pamutu lichero linabwerera pansi pa mpanda, usipa ndi zigoba zili ufa wosalala kuposa wa Che Saidi. Ndinasakaniza ndi wanga, ndinanyamula ndi manja otupawo, ndinakathira m'khola. Nkhuku zinaunjikana, ndipo panalibe chotola kapena chopalasa, zinadya zonse.

Ndinaima pamenepo, msana wanga uli ku mpanda monga mwambo ufunira. Ndinakhosomola. Ndinasankha nkhuku imodzi yothothoka kumbuyo, ndinaiyang'ana m'maso, ndipo ndinaiuza mokweza kuti mbali inayo amve:

"Ndaga, mama. Ndaga fijo."